Mawu a Mkonzi: Ndalama Zosamalira Nthaka Zifike kwa Wogwira Khasu

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo mu Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy. Anthu a kwa Mfumu Kasisi m'boma la Chikwawa, oyandikana ndi nkhalango ya Majete, amakhala kumunsi kwa mapiri amene mitengo yake inathera m'matumba a makala. Mvula ikagwa kumtunda, madzi amatsika ndi mchenga n'kukwirira minda ya anthu amene sanadule mtengo ndi umodzi womwe. Boma la Malawi, ndi ndalama za World Bank, limalipira anthu akumudzi kudzera m'ntchito ya Mbwezera Chilengedwe kuti akumbe ngalande zogwira madzi, adzale mitengo ndi udzu wa vetiva. Ntchitoyi ndi yabwino. Koma kumeneko monga kuno kwathu, mkangano umabuka pa mndandanda wa maina: analemba ndani, ndipo anasiya yani.

Tikutchula za a Malawi chifukwa ife a chigawo cha Kum'mawa tafika pa mphambano yomweyo. Mu 2024 boma lathu linasaina pangano ndi World Bank loti chigawo chino chingalandire ndalama zofika madola 30 miliyoni ngati nkhalango zisungidwa ndipo utsi woononga mlengalenga uchepa. Ndalama zotere sizinabwerepo kawirikawiri ku Chipata, Katete, Petauke kapena Lundazi, ndipo anthu ali ndi ufulu wofunsa kumene zidzathere.

Pulogalamu ya fataleza ya FISP yatiphunzitsa kale. Kuyambira 2002 boma lakhala likuthandiza alimi ndi fataleza ndi mbewu, ndipo lero olandira amapitirira 1 miliyoni. Komabe mudzi uliwonse umadziwa za makopaletivu amene amadzuka nyengo ya fataleza yokha, ndi za mayi wamasiye amene amalima chaka ndi chaka koma dzina lake silituluka. Komanso thandizoli silifunsa ngati munda uli ndi mizere yopingasa kapena ayi. Fataleza wothiridwa pamtsetse wopanda chotchinga amatsikira mumtsinje wa Lutembwe ndi mvula yoyamba yamphamvu, ndalama ya boma n'kupita ndi madzi.

Amene amalipira mtengo weniweni wa kusamala nthaka timawadziwa. Ndi mayi amene amakumba maenje a ulimi wosunga chinyezi dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Ndi banja limene lasiya kuotcha makala, chonsecho makalawo ndi amene ankagulira ana yunifomu. Ndi mlimi amene wapatula gawo la munda kuti adzale gliricidia, podziwa kuti phindu lake silioneka chaka choyamba. Ambiri mwa amayiwa amalima malo odziwika ndi dzina la mwamuna kapena la malume, choncho malipiro akamatsata mwini malo, iwo adzatsala manja ali m'khosi. Bungwe la COMACO, limene lagwira ntchito m'chigwa cha Luangwa kuyambira 2003, laonetsa kuti n'zotheka kumanga malipiro pa ntchito yooneka: gulu likasunga malamulo osamala nthaka ndi nyama, limalandira. Boma lisachite zochepera pamenepo.

Mafumu athu ali ndi gawo lawo, pakuti ndiwo osunga malo, ndipo alangizi a zaulimi sangafike m'midzi opanda mafuta a njinga zamoto. Izi sitikana. Chimene tikukana ndi kuti ndalama ithere m'misonkhano ya m'maloji ndi m'maalawansi, wa khasu n'kulandira nyenyeswa.

Tikupempha akuluakulu a chigawo ndi makhonsolo kuti ndalama iliyonse isanagawidwe, kuchuluka kwake ndi maina a olandira ziwerengedwe pabwalo la mudzi, m'Chinyanja, Chitumbuka, Chinsenga kapena Chikunda, kenako zimatidwe pasukulu ndi pachipatala, zilengezedwenso pa Breeze FM ndi Radio Maria. Gawo la mlimi lipite pafoni yake mwachindunji, ndipo wosiyidwa akhale ndi ofesi yodziwika yokadandaulako.