Mulekeni mphunzitsi apume

Sukulu zikatsekera teremu yachitatu mu Julayi, ana amathamangira kumudzi kwa agogo, makolo n'kupumulako pa nkhani ya makope ndi yunifolomu. Nanga mphunzitsi naye amapuma? Ife tikuona kuti ayi, ndipo nkhaniyi ndi yofunika kuikamba poyera.

Taonani m'mene tchuthi chake chimathera. Ena amaitanidwa ndi bungwe la MANEB kukachonga mayeso a Sitandade 8 ndi a Folomu 4. Ena amaitanidwa ku maphunziro a ku TDC. Ambiri, poti malipiro safika kumapeto a mwezi, amasonkhanitsa ana pakhonde n'kumawaphunzitsa molipiritsa, kapena amakhala pamsika ndi kabizinesi. Pofika Sepitembala, munthu woyenera kuyamba chaka ndi mphamvu amalowa m'kalasi ali wolefuka kale.

Katunduyu sanayambe dzulo. M'chaka cha 1994, boma litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Anthu zikwizikwi analembedwa ntchito ya uphunzitsi atangophunzitsidwa masabata owerengeka. Ganizolo linali labwino ndipo mwana wa mmphawi analowa m'kalasi, koma amene anasenza mtolowo ndi mphunzitsi, ndipo mpaka lero sanautule. Mulingo wa boma ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, komabe pitani ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, mukapeza mayi mmodzi akulimbana ndi ana oposa 100 mu Sitandade 1. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Tsono kwa inu aphunzitsi tikuti: masabata oyamba a tchuthi ndi anu. Tsekani kabati ya mabuku, kaoneni abale, pitani kuchipatala ndi chifuwa chija munkangochipirira. Kupuma si ulesi. Mphunzitsi wotopa ndiye amakalipira mwana wosalakwa.

Koma tisanamizane, kupuma kokha sikukwanira. Mlimi wanzeru amasosa mu Ogasiti, sadikira mabingu. Patulani masabata awiri otsiriza, maola awiri kapena atatu m'mawa uliwonse. Lembani masikimu a teremu yoyamba muli phee, osati usiku woti mawa a PEA akubwera. Onaninso mayeso a chaka chatha kuti mudziwe mitu imene ana anagwa nayo. Khalani pansi ndi mnzanu amene anali ndi kalasi imene mukuilandirayo, akuuzeni mwana amene sakutha kuwerenga ndi amene samva bwino. Tolerani zitsekerero za mabotolo, timitengo ndi makatoni zophunzitsira masamu. Zimenezi sizilira ndalama, koma zimapulumutsa mwezi wathunthu.

Kwa Unduna wa za Maphunziro tili ndi mawu atatu. Choyamba, ndalama ya tchuthi izifika tchuthi chisanayambe. Zinali zochititsa manyazi kuti mu 2017 aphunzitsi, motsogozedwa ndi bungwe lawo la TUM, anachita kunyanyala ntchito kuti alandire ndalama imene ndi yawo kale, ana n'kumangoyendayenda m'misewu. Chachiwiri, mphunzitsi auzidwe kalasi yake komanso za kusamutsidwa kwake sukulu zisanatsekere. Angakonzekere bwanji munthu amene sakudziwa ngati aphunzitsa Sitandade 2 kapena 7, ku Mulanje kapena ku Chitipa? Chachitatu, mabuku ndi choko zifike sukulu zisanatsegulidwe.

Abale athu amene anakhalako ku Britain akudziwa kuti kumeneko amapatula masiku asanu pachaka oti aphunzitsi okha abwere kusukulu kudzasulidwa ndi kukonzekera, ana ali kunyumba. Masikuwo amawerengedwa ngati a ntchito, sadulidwa pa tchuthi cha munthu. Sitikuti titengere chilichonse cha kunja, koma ichi chokha n'chosavuta kuchita kuno.

Nanunso makolo a m'tauni, chepetsani kukakamiza ana ndi aphunzitsi kukhala m'kalasi chaka chonse chifukwa chofuna malo ku sekondale ya boma. Mwana naye ndi munthu, mutu wake umafuna mpweya. Ndiponso maphunziro olipiritsawa amasiya m'mbuyo mwana amene kholo lake lilibe ndalama, chonsecho fizi inachotsedwa kuti onse ayambire pamodzi.

Tonsefe, kaya ndi nduna, dokotala kapena mtolankhani, tinaphunzira kugwira pensulo m'manja mwa mphunzitsi. Timpatse mpata apume mokwanira, timpatse zomuyenereza nthawi yabwino, ndipo pamenepo tidzakhala ndi pakamwa pomufunsira zotsatira za ana athu.