Khasu Lakutha Ndilo Lidalima

Munthu akalowa m'nyumba yosungiramo mabuku, kaya ya pasukulu kaya ya mumzinda, nayendayenda pakati pa mashelefu mosafulumira, sachedwa kuona kuti mabuku agawidwa pawiri, ndipo wowagawayo si woyang'anira nyumbayo ayi, koma manja a owerenga. Alipo mabuku aakulu, a zikuto zolimba ndi mayina olemekezeka, amene masamba awo akali mbuu ngakhale akhala pamenepo zaka 20. Ndipo alipo ena aang'ono, okwana m'thumba la malaya, othimbirira ndi thukuta la zala, omatidwamatidwa pamsana, ena opanda chikuto, ena osowa ngakhale tsamba lomaliza limene wowerenga amalifuna koposa onse. Aang'onowa ndiwo nkhani za chikondi, za ofufuza milandu, ndi zopeka za sayansi. Ndipo ine, amene ndakhala ndikumva akunyozedwa kuyambira ubwana wanga, ndafuna lero kuwaimira pabwalo ngati nkhoswe yawo, pakuti khasu lakutha ndilo lidalima, osati lija lotsomekedwa kudenga likali ndi utoto wa kusitolo.

Ku sukulu yogonera komweko kumene ndidaphunzira, buku la James Hadley Chase likalowa m'chipinda chathu chogona, mbiri yake inkafika kwa aliyense dzuwa lisanalowe, ndipo mayina a ofuna kuwerenga ankalembedwa mkati mwa chikuto monga momwe amayi amandandalikira ndowa pamjigo. Aliyense ankapatsidwa usiku umodzi wokha. Koma mzere ukatalika kopitirira, anyamata ena opanda chisoni ankalidula bukulo pamsana m'zigawo zitatu, kuti wina akamalowa chigawo chachiwiri mnzake ayambe choyamba. Tinkawerenga titafunda bulangeti kumutu, tochi titaipana ndi chibwano, makutu ali kukhomo. Sitinkadziwa masiku amenewo kuti mlembi amene ankatiyendetsa m'misewu ya ku America pakati pa zigawenga ndi apolisi achinyengo adali Mngelezi wobadwira ku London, dzina lake lenileni René Raymond, ndi kuti buku lake loyamba, No Orchids for Miss Blandish, la 1939, adalilemba asanapondeko ku America, atangodalira mapu ndi mabuku otanthauzira mawu a m'misewu ya kumeneko. Mphunzitsi wina ankatilanda mabukuwa nanena kuti amawoletsa ubongo. Komatu pofika nyengo ya mayeso, olemba chimangirizo cha Chingelezi chosalala adali omwe aja a tochi, amene adameza mawu zikwizikwi osazindikira kuti akuphunzira.

Mlandu waukulu umene mabukuwa amaimbidwa ndi wakuti onse ndi ofanana: wachikondi adzakwatira, wakupha adzagwidwa, ndipo wowerenga amadziwa zimenezi asanatsegule tsamba loyamba. Mlanduwu sindiukana, koma ndifunsa: kodi ndi mwana uti amene adakana kuyankha kuti tili tonse chifukwa chodziwa kale kuti Kalulu adzapulumuka ndipo Fisi adzachita manyazi? Chimene chinkatisunga pamoto mpaka nkhuni zitanyeka sichidali kukayika ngati Kalulu apulumuke, koma kufuna kumva njira imene apulumukire usiku umenewo. Ngakhale Malembo Oyera, amene palibe angawatche opanda pake, sadanyoze nkhani za mtundu umenewu. Pamene akazi awiri adadza kwa mfumu Solomo akulimbirana mwana wamoyo, popanda mboni ngakhale imodzi, mfumu idaitanitsa lupanga nizindikira mayi weniweni poona amene mtima wake udasweka. Ndipo umenewo ndi msampha womwewo umene ofufuza a m'mabuku amatchera m'mutu womaliza. Nanga Yakobo, amene adagwira ntchito zaka 7 chifukwa cha Rakele, napusitsidwa usiku wa ukwati, nagwiranso zina 7? Nanga Rute, mkazi wamasiye wachilendo, wokunkha m'munda wa Boazi? Tikaziwerenga m'kachisi timati ndi zomangirira mzimu, ndipo timanena zoona. Koma tisaiwale kuti zimatigwira mtima poyamba chifukwa ndi nkhani zokoma.

Pa mitundu itatuyi, umene ndimaukonda koposa ndi wa ofufuza milandu, ndipo pamenepa dzina la Agatha Christie silingalumphidwe. Mayi ameneyu, amene adabadwa mu 1890 namwalira mu 1976, adalemba mabuku 66 a mtundu umenewu. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse adagwira ntchito m'chipinda chosakaniziramo mankhwala pachipatala cha kwawo ku Torquay, kumene adaphunzira mlingo umene mankhwala ochiritsa amasandukira chiphe, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri m'mabuku ake amafa ndi zimene amwa kapena kudya patebulo pawo pomwe, pakati pa abale awo. Buku lake loyamba, The Mysterious Affair at Styles, la 1920, ndilo lidatulutsa Hercule Poirot, wapolisi wopuma ntchito wa ku Belgium, wamfupi, wonyadira ndevu zake za pamlomo ndi nzeru zake zomwe. Koma ine mtima wanga uli pa Miss Marple, gogo wosakwatiwa wa m'mudzi wa St Mary Mead, amene amakhala pampando akuluka juzi, apolisi namuyesa wokalamba wongolongolola, pamene iye akumva zonse, nafanizira munthu aliyense wokayikitsa ndi wina wa m'mudzi mwake amene adachitapo zotere kale. Amene adakulira pafupi ndi agogo ake aakazi adzamzindikira msanga mayi ameneyu, pakuti m'midzi mwathu ali ambiri amene amadziwa wakuba nkhuku nyakwawa isanaitanitse bwalo, ndipo amangokhala chete kudikira kuti afunsidwe.

Buku lotere limaphunzitsa chinthu chimodzi chimene sindidachipeze m'buku lililonse la mayeso, ndicho kusathamangira mawu oyamba. Mlembi amakuikira pamaso munthu wa nkhope yoipa, wodana ndi malemu, amene adamuona usiku pafupi ndi nyumba, ndipo iwe umamweruza nthawi yomweyo. Koma ukapusitsidwa chotere kasanu kapena kakhumi, umayamba kufunsa kuti mboniyo idaima pati, idaona bwanji mumdima, ndipo ipindula chiyani woimbidwa mlanduyo akamangidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'dziko limene uthenga umodzi wa pafoni ukhoza kuutsa khamu, ndipo nyumba ya nkhalamba yonamiziridwa ufiti ikhoza kupsa munthu aliyense asanafunse umboni, chizolowezi chofunsa mafunso amenewa sindichiyesa chaching'ono, ngakhale chitachokera m'kabuku kogulidwa m'mbali mwa msewu pamtengo wa mtolo wa masamba.

Za mabuku achikondi ndilankhula mosamala, chifukwa pamenepa otsutsa ali ndi mawu oyenera kumvedwa. Kampani ya Mills & Boon, imene Gerald Mills ndi Charles Boon adaiyamba ku London mu 1908, idadzaza dziko ndi timabuku timene kawirikawiri mwamuna wake ndi wachuma, wamwano ndi wouma mtima, mtsikana ndi namwino kapena mlembi wa muofesi, ndipo nkhanza zonse za mwamunayo zimasungunuka m'mutu womaliza ngati mchere m'madzi. Mtsikana amene angatenge zimenezi ngati chilangizo cha banja adzalira, pakuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndipo mwamuna wamwano pachibwenzi sasinthika ndi mphete. Koma mankhwala ake si kulanda buku, chifukwa cholandidwa chimakoma kawiri. Mankhwala ake ndi kuti mayi kapena azakhali awerengeko, acheze ndi mwanayo za mwamuna wa m'bukuyo monga angachezere za mnyamata wa kutsidya, kenaka amuikire m'manja Pride and Prejudice ya Jane Austen, ya 1813, m'mene mtsikana wopanda chuma akukana amuna awiri, wina chifukwa chopusa, wina chifukwa chodzikuza, ngakhale akudziwa kuti ukwati ndiwo wokha ungamsunge atate ake akamwalira. Ndinenenso, ngakhale amuna anzanga andikwiyira, kuti chipongwe chambiri chimene mabuku achikondi amalandira chimachokera poti owerenga ake ambiri ndi akazi. Pakuti bambo yemweyo amene amaseka mkazi wake kuti amawerenga nkhani imodzimodzi amakhala mphindi 90 Loweruka lililonse akupenyerera anyamata 22 akuthamangitsa mpira umodzi, ndipo palibe amamuuza kuti masewero onse ndi ofanana.

Ife a m'badwo wanga tidali ndi mwayi wina. Mu 1977 kampani ya Macmillan idayamba kusindikiza timabuku ta Pacesetters, tolembedwa ndi anthu a mu Africa muno, ndipo mwadzidzidzi achikondi ndi akuba omwe adayamba kukhala ndi mayina onga athu, kukwera mabasi odzaza, ndi kulimbana ndi apongozi. Evbu My Love ya Helen Ovbiagele wa ku Nigeria idayenda m'manja mwa atsikana mpaka kutheratu. Truth Will Out ya Dede Kamkondo idationetsa kuti Mmalawi nayenso akhoza kukhala pamndandanda umenewo. Ndipo Aubrey Kalitera, mlembi wa Why Father Why, sadadikire makampani a kunja, koma adadzisindikizira yekha mabuku ake nawafikitsa kwa owerenga.

Nkhani zopeka za sayansi ndizo zimene anthu athu ambiri amaziyesa zachibwana, nanena kuti munthu amene nkhokwe yake ili pululu alibe nthawi yoganiza za kumwezi. Ndikadavomereza ndikadapanda kuziwerenga. Jules Verne wa ku France mu 1865 adalemba za amuna atatu oponyedwa kumwezi ndi mzinga waukulu wokumbidwa pansi ku Florida, ndipo mu 1969 amuna atatu adanyamukadi ku Florida komweko kupita kumwezi, ngakhale sadapite ndi mzinga. Koma kulosera si ntchito yaikulu ya mabukuwa. Ntchito yake ndi kutembenuza dziko kuti tilione bwino. Mu 1898, patangopita zaka 7 chikhazikitsire Angelezi ulamuliro wawo m'dziko lathu lino, H. G. Wells adatulutsa The War of the Worlds, m'mene zolengedwa za ku Mars zikutera ku England ndi zida zimene mizinga ya Angelezi singathe kulimbana nazo, anthu a ku London nathawa m'misewu atasenza akatundu. Ndipo mlembiyo, kumayambiriro kwenikweni kwa bukulo, akukumbutsa anthu a mtundu wake zimene azungu adachitira eni dziko a ku Tasmania, kuti asafulumire kuweruza alendowo. Mdzukulu wa anthu amene adaona mfuti za atsamunda adzaliwerenga bukuli ndi maso ena amene mwana wa ku London alibe. Ndipo sitifunikanso kuyang'ana kutsidya kwa nyanja kokha, chifukwa Shadreck Chikoti wa konkuno adalemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikudzazo.

Kuuza mnzako buku loti awerenge ndi luso palokha, lofanana ndi kupatsa mlendo chakudya: uyenera kudziwa mimba yake, osati yako. Wodwala amene wagona m'chipatala safuna buku lolemera. Mnyamata amene sadamalizepo buku chibadwire mumpatse laling'ono lothamanga, kuti alawe kukoma kofika patsamba lomaliza. Ndipo amene wakhala zaka zambiri pa mtundu umodzi mumkokere pang'onopang'ono ku wina, pakuti nyimbo imodzi sachezera gule. Koma pali tchimo limodzi limene sindilikhululukira msanga, ndilo kuulula mathero. Sewero la Christie lotchedwa The Mousetrap, limene lidayamba kuonetsedwa ku London mu 1952, limatha ndi pempho kwa oonerera kuti asakauze munthu amene adapha, ndipo mibadwo ya oonerera yasunga mwambo umenewo. Chotero inenso, ngakhale ndikulakalaka kukuuzani chifukwa chimene The Murder of Roger Ackroyd ya 1926 idautsira mkangano pakati pa owerenga, ndigwira pakamwa. Tchimo lachiwiri, locheperapo koma lofala kwambiri, ndi la wobwereka buku amene amaliyesa mphatso.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti zambiri mwa zimene ndatchulazi zili m'Chingelezi. Chichewa sichisowa alembi: Samuel Nthara adatipatsa Nthondo mu 1933, ndipo Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani adalemba nkhani zimene anthu ankaziwerenga mwa kufuna kwawo. Koma mabuku a ofufuza milandu ndi a sayansi m'chinenero chathu ndi ochepa kwambiri, ndipo alembi athu ambiri amayang'ana ku silabasi ya sukulu, kumene kuli msika wotsimikizika, m'malo moyang'ana kwa mayi wogulitsa tomato amene angakonde kuwerenga poyembekezera ogula. Chikhalirecho malo a nkhani zotere tili nawo. Christie adatsekera anthu ake m'sitima ya pamtunda yotitimira m'chipale chofewa ndiponso m'sitima ya pamtsinje wa Nile, kuti wakupha asowe kothawira. Ife tili ndi Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951, itasenza amalonda a usipa, ana asukulu, abusa ndi alendo a kunja, ena m'zipinda za pamwamba, ena pansi pakati pa matumba a ufa. Munthu mmodzi asowe usiku sitima ili pakati pa madzi isanafike ku Likoma, ndipo wofufuza wake akhale mayi wachikulire wobwerera kwawo ndi dengu lake, amene palibe akumuwerengera. Amene adzalemba buku limeneli m'Chichewa adziwe kuti wogula woyamba alipo kale, ndipo ndingompempha kuti tikakumana panjira asandiuze amene adamkankhira m'madzi.