Kuzizira kumene tikufuna kuli pansi pa nthaka yathu

Mwezi wa Okutobala ukafika, munthu wa ku Malindi safunika kuuzidwa za ukali wa dzuwa la ku Mangochi. Odwala amagona thukuta lili kamukamu, mankhwala ofuna malo ozizira amakhala pachiswe, ndipo chambo chimene asodzi avuula m'mawa chimayamba kufewa dzuwa lisanafike paliwombo. Eni malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja nawonso amalira ndi mabilu a magetsi chifukwa cha makina oziziritsira zipinda. Ife tikuona kuti nthawi yakwana yoti dziko lino liyese makina otchedwa ground source heat pump, ndipo malo oyenera kuyambira ndi kuno kunyanja.

Aliyense amene watungapo madzi pamjigo masana a chilimwe amadziwa kuti amatuluka ozizirirako, pomwe m'mawa wa mu Juni madzi omwewo amamveka ofunda. Chifukwa chake n'chakuti ukangotsika mamita ochepa, kutentha kwa nthaka sikusinthasintha chaka chonse. Makina amenewa amadalira khalidwe limeneli. Amisiri amakwirira mapaipi m'nthaka kapena kuwatsitsa m'zitsime zobowola, madzi n'kumazungulira m'menemo. Makinawo amagwira ntchito ngati firiji: amachotsa kutentha m'chipinda n'kukakutaya kwina. Kusiyana kwake n'kwakuti makina oziziritsira amene tinazolowera amataya kutenthako mumpweya wa panja umene watentha kale kupitirira madigiri 35, pomwe awa amakutaya m'nthaka yozizirirapo. Ntchito ikapepuka chonchi, magetsi ofunika amachepa.

Ku Sweden nyumba zambiri zimafunditsidwa ndi makina otere nthawi yachisanu, ndipo yuniti imodzi ya magetsi imatha kubweretsa kutentha kwa mayuniti atatu kapena anayi. Mumzinda wa Toronto ku Canada, kuyambira 2004, madzi a pansi pa nyanja ya Ontario akhala akuziziritsa nyumba zikuluzikulu za pakati pa mzinda. Koma tisadzinamize. Madzi akuya a nyanja ya Ontario amakhala pa madigiri 4, pomwe a nyanja ya Malawi, ngakhale pansi penipeni, amakhala pakati pa madigiri 22 ndi 23. Nthaka yathu nayonso ndi yofunda. Phindu lathu silingafanane ndi lawo, ndipo n'chifukwa chake tikupempha kuti tiyambe tayesa ndi kuyeza tokha, m'malo mongogula chifukwa zinthu zayenda bwino kunja.

Chifukwa choyesera ndi chachikulu. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo tinakhala mumdima kwa miyezi yambiri. Yuniti iliyonse imene yapulumutsidwa ku Mangochi ndi yuniti imene ingayatse nyumba ina. Komanso minda ya magetsi a dzuwa ku Salima ndi ku Golomoti yatisonyeza kuti dzuwa lathu limapereka mphamvu zochuluka nthawi yomweyo imene kuzizira kukufunika kwambiri. Sola padenga ndi mapaipi pansi ndi zinthu zoyenderana.

Msika wa makinawa suyambira m'nyumba ya msodzi, ndipo kunena zina kungakhale kumunamiza. Uyambira pa malo akuluakulu amene amafuna kuzizira tsiku ndi tsiku: zipatala monga cha St Martin's cha mpingo wa Anglican ku Malindi, mahotela ndi malo ogona alendo kuchokera ku Mangochi boma mpaka ku Monkey Bay, ndiponso mosungira nsomba ndi mopangira ayezi. Msodzi adzapindula kudzera mu ayezi wotsika mtengo ndi nsomba zosaola msanga. Palinso phindu lina: kutentha kumene kwachotsedwa m'zipinda kungatenthetse madzi ochapira ndi osamba, ndipo nkhuni zimene zikudulidwa m'mapiri oyang'anizana ndi nyanja zingachepe.

Luso lake sitikulisowa kwenikweni. Tili ndi makampani obowola mijigo amene amadziwa miyala ndi madzi a m'nthaka ya kuno. Tili ndi achinyamata okonza mafiriji pafupifupi m'tauni iliyonse. Chofunika n'chakuti TEVETA iwaphunzitse mbali yotsalayo ndi kuwapatsa ziphaso, kuti wogula asaope kuti makina akafa adzasowa wokonza. Yunivesite ya Mzuzu ndi MUBAS ziyeze kutentha kwa nthaka ya m'mbali mwa nyanja n'kufalitsa zotsatira zake poyera. National Water Resources Authority ikhazikitse malamulo omveka a kabowoledwe kuti madzi akumwa asaipitsidwe, ndipo MERA ione kuti makina olowa m'dziko ndi abwino.

Chopinga chachikulu ndi mtengo woyambira. Kubowola n'kodula, makinawo amagulidwa kunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense wochokera kunja wakwera mtengo koopsa. Apa ndi pamene boma liyenera kulowererapo pochotsa msonkho pa zipangizozi kwa zaka zingapo zoyambirira, ndipo mabanki apereke ngongole zimene mwini malo angabweze kuchokera ku ndalama zimene wapulumutsa pa magetsi.

Pempho lathu ku unduna woona za mphamvu, khonsolo ya Mangochi ndi mabungwe othandiza pachitukuko ndi ili: sankhani nyumba imodzi yothandiza anthu ambiri ku Malindi, ikanimo makinawa, yezani magetsi ake chaka chathunthu, ndipo muuze dziko zimene mwapeza. Manambala akakhala abwino, amalonda adzatsatira okha popanda kuwakakamiza.