Chikalata chifike msanga, koma chisagwe m'manja olakwika

Banja likatha, mwana sasiya kudya. Amafunabe phala m'mawa, sopo, mankhwala akadwala ndiponso fizi ya sukulu. Ife amene timayendera makomo pa nkhani za umoyo tikudziwa kuti mwana akasowa chakudya chokwanira m'masiku 1,000 oyambirira a moyo wake amapinimbira, ndipo zimenezi n'zovuta kuzikonza akakula. N'chifukwa chake mwezi uno tikufuna tione mmene dziko la America limayendetsera zikalata za milandu ya ndalama zothandizira ana.

Dzikolo lili ndi zigawo 50, ndipo chilichonse chili ndi boma lake, makhoti ake ndi ofesi yake yoona za chithandizo cha ana. Mu 1975 boma lalikulu lidakhazikitsa ndondomeko yoti maofesi amenewa azifufuza kholo limene lachoka pakhomo, kutsimikiza kuti bambo wa mwana ndani, ndi kuonetsetsa kuti ndalama zimene khoti lalamula zikuperekedwa.

Vuto limabwera makolo akamakhala m'zigawo zosiyana. Tiyerekeze kuti mayi ndi ana ali ku Texas, bambo wasamukira ku Ohio. Ofesi ya ku Ohio singamugwire bamboyo popanda kuona chigamulo cha khoti, chiphaso cha kubadwa kwa mwana ndi kaundula wa ndalama zimene zidaperekedwa kale. Kale mapepala otere ankayenda pa positi kapena pa fax. Kalata ikasochera, kapena tsamba limodzi likasowa, mlandu unkaima. Pamene akuluakulu ankafunafuna pepala, mwana ankagona ndi njala.

Lero pali njira ya pa intaneti yotchedwa Electronic Document Exchange, imene boma lalikulu lidakonzera maofesiwa. Wogwira ntchito ku Ohio amalowa pa kompyuta n'kupempha chikalata chimene akufuna, mnzake wa ku Texas n'kuchiika momwemo. Pakhomo pamenepa salowapo aliyense. Amalowa okhawo amene adapatsidwa chilolezo, ndipo zikalata zimayenda zitabisidwa mwa njira yoti wakuba akazigwira panjira sangaziwerenge.

Palinso lamulo la mu 1996 lonena kuti wolemba anthu ntchito azidziwitsa boma za wantchito watsopano pasanathe masiku 20. Mainawo amapita m'kaundula wa dziko lonse. Motero kholo likathawira kuchigawo china n'kupeza ntchito, limapezeka, ndipo ndalama za mwana zimadulidwa kumalipiro ake asanawalandire.

Nanga bwanji amalimbikira kwambiri za chinsinsi? Taganizirani zimene zili m'zikalata zotere: dzina la mwana, tsiku lake lobadwa, kumene akukhala, malo a ntchito a makolo, malipiro awo, ngakhale zotsatira za kuyeza kwa DNA. Wakuba akazipeza angathe kutenga ngongole m'dzina la munthu wina. Choopsa koposa chimagwera mayi amene adathawa nkhanza za m'banja. Akapita kukapempha chithandizo cha ana, pepala lomwelo limene limubweretsere ndalama lingathenso kulozera womuzunza kumene wabisala. Pa chifukwa chimenechi mlandu wotere amauika chizindikiro chapadera cha nkhanza za m'banja, ndipo kaundula wa boma lalikulu satulutsa kumene mayiyo ndi ana ake ali, pokhapokha nkhaniyo itadzera kukhoti.

Apa ndi pamene pagona phunziro. Chikalata chikachedwa, mwana amavutika ndi njala. Chikathamanga popanda loko, mwana yemweyo amakhala pangozi. Liwiro ndi chinsinsi ziyenera kuyendera limodzi.

Kuno kwathu lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limanenanso kuti kholo lili ndi udindo wopezera mwana zosowa zake, banja lilipo kapena latha. Woweruza amafuna umboni, ndiye tiyeni tiyambe kusamala mapepala m'nyumba mwathu. Chiphaso cha kubadwa, buku la kusikelo, chigamulo cha khoti ndi malisiti a fizi tizisunge pamodzi m'pulasitiki, pamalo posafika madzi ndi chiswe. Ndalama za mwana zikabwera pa foni, uthenga wake tisaufufute, ndipo tsiku ndi kuchuluka kwake tizilemba m'kope. Zimenezi zimathandiza wolandira ndi wopereka yemwe, chifukwa mawa palibe angakane.

Tisamalenso pojambula mapepalawa. Ambirife tikakwiya timafulumira kuponya chithunzi cha chigamulo pagulu la WhatsApp la achibale kapena pa Facebook kuti anthu aone kuipa kwa mnzathu. Chithunzi chikachoka m'foni mwathu sitingachibwezenso, ndipo dzina limene likuyendayenda ndi la mwana. Tsiku lina adzakula n'kudzachipeza. Tizipereka chikalata kwa amene akuyendetsa mlandu yekha, titafunsa kaye dzina lake, ofesi yake ndi chifukwa chimene akuchifunira. Foni imene muli zithunzi zotere ikhale ndi nambala yachinsinsi.

Mwana alibe mawu m'khoti ndipo sadziwa kumene mapepala ake ali. Amene tingamusungire ndi ife akuluakulu.