Kamtengo Koyenda: Mapiko Anapita Kuti?

Mukaona kamtengo kayenda pa mpanda, osakapwanya, mwandi. Ni kadoyo, stick insect. Mitundu yake ipitilila 3,000, koma yambili simbululuka. Chifukwa? Kumbululuka ni kodula. Minofu ya mapiko imadya mphamvu maningi, monga galimoto yakumwa mafuta. Kakazi kakaleka kumbululuka, mphamvu ija ingapite ku mazila.

Manje mvelani iyi. Mu 2003, Michael Whiting na anzake ku America anapima DNA, ati makolo a tudoyo utu analibe mapiko, koma adzukulu ena anawabweza, osati kamodzi chabe. Ati ma gene a mapiko sanafe, anali gone chabe. Asayansi ena akali kukana, ati iyayi, mapiko anali kungotayika kambili-kambili.