Injini ya Hiace yanga: ndikonze kapena ndigule ina?

Abale anga, amene mumadutsa msewu wa ku Tsangano mukuidziwa Hiace yanga yoyera ija. Mipando ndinachotsamo kalekale. Masana imanyamula mbatatesi ndi kabichi, usiku ndimayala matiresi kumbuyo n'kugona momwemo pa msika wa Wakawaka ku Lilongwe mpaka katundu atatha. Ndiye mukamva kuti yadwala, dziwani kuti ndaluza galimoto ndi chipinda chogona nthawi imodzi.

Inayamba ndi kumwa oyilo. Ulendo uliwonse wa ku Lilongwe ndimawonjezera, kumbuyo kukutuluka utsi wa buluu. Mamawa kulira mpaka ana aikankhe. Sabata yatha pokwera mapiri a Dedza ndili ndi matumba, inatentha, madzi a mu radiyeta n'kuwira. Nditachotsa chotsekera pothirira oyilo, utsi unkatuluka ngati ketulo ya tiyi. Makaniko wanga anangopukusa mutu: “Bambo, ma ring'i atha, gasiketi nayo yapsa.”

Alamu anga a ku Lilongwe akuti ndisataye nthawi, ndingogula injini ya kaunjika yochokera ku Japan, tsiku limodzi yakwezedwa, mawa lake ndili pamsewu. Anthu ambiri amaganiza choncho ndipo sindikuwanyoza. Koma ine ndasankha kukonza yomweyi, ndipo zifukwa zanga ndi izi.

Injini ya kaunjika imabwera itatsukidwa bwino, kunja kuli mbee. Za m'kati mwake palibe akudziwa, ngakhale wogulitsayo. Yayenda makilomita angati? Inatenthapo? Inakhala zaka zingati pansi isanakwere sitima? Amene ndinamufunsa ine anati andipatsa masiku owerengeka oti ndiiyese, akadutsa amenewo zanga zimenezo. Masiku amenewo ngakhale maulendo awiri a ku msika sakwana. Komanso injini ya 3L ngati yangayi ndi yakale kulikonse. Imene mungagule lero si yatsopano ayi, yakalamba ngati yanuyo, kungoti inakalambira kwa eni ake. Mtengo wakenso umatsatira dola, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chodutsa pa boda chimaluma. Mukasintha injini muyeneranso kupita ku Road Traffic kuti nambala yake ilembedwe m'mapepala a galimoto, apo ayi mudzavutika pa COF.

Pamene yanga ndikuidziwa ngati ng'ombe ya m'khola langa. Ndikudziwa tsiku limene ndinasintha timing belt. Pampu ya dizilo ndinakonzetsa chaka chatha, ili bwino.

Koma apa ndinene zoona, kukonza kuli ndi msampha wake. Ambiri amati “ndapanga ovaholo” pamene angoika ma ring'i atsopano m'mabowo okutha, pansi pa mtengo wa mango, fumbi likulowa. Miyezi itatu utsi wabwerera, ndiye amayamba kulalikira kuti kukonza injini n'kutaya ndalama. Imeneyo si ovaholo. Injini iphwasulidwe yonse, buloko, hedi ndi crankshaft zipite kwa anthu a makina akayeze. Hedi imene yatenthapo imapindika, nthawi zina imang'aluka malo amene diso silingawone. Ngati mabowo akula, aboole n'kuika ma pisitoni oyenerana nawo. Ndipo amene wakonza injini n'kusiya radiyeta yotsekeka, waphikanso injini yake ndi manja ake. Yangayo inatentha chifukwa chimenecho, ndinkangoti ndidzatsukitsa ndikagulitsa kabichi. Kabichi ndinagulitsa, ndalama inapita ku fizi.

Tagwirizana chonchi ndi makaniko: asagule sipeyala iliyonse mpaka zoyeza zitabwera. Buloko ikapezeka yong'aluka, kapena hedi ndi crankshaft zonse zikakhala zotha, pamenepo ndigonja, ndiwaimbira alamu. Koma zikakhala zabwino, tikonza, ndipo masipeyala ndikagula ndekha. Ma ring'i otchipa ndinawayesapo pa injini ya chigayo, sindidzabwerezanso.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi nthawi. Kukonza kutenga masabata awiri kapena atatu, ndipo mbatatesi ya kudimba yakhwima. Mavenda amva kale kuti galimoto yafa, dzulo awiri anafika mpaka pakhomo ndi mitengo yawo yachipongwe ija. Ndalama ya mbatatesi imeneyi ndi imene ndimagulira feteleza mvula isanagwe. Mayi a kunyumba akuti tigulitse theka kwa mavendawo, theka lidikire m'nthaka. Mwina akunena zoona, ngakhale zikundiwawa.

Buloko yanyamuka lero m'mawa pa lole ya mnzanga wa ku Lizulu, tinaikulunga m'masaka a feteleza. Akuti Lachinayi ndimva zotsatira. Amene munakonzetsapo 3L, tandiuzeni munayenda nayo zaka zingati.