Kangaude Amene Si Kangaude

Tsiku lina mwana adzatukula dzanja m'kalasi mwanu nati, "Aphunzitsi, ndinamva kuti kangaude wa miyendo yaitali uja ndiye waululu kuposa onse pa dziko lapansi, kungoti mano ake ngaafupi, sangaboole khungu la munthu. Kodi nzoona?" Mayankhidwe anu ndiwo adzasonyeze ngati muli mphunzitsi wa sayansi kapena wothandiza kufalitsa mphekesera.

Nkhani imeneyi inayambira ku maiko olankhula Chingelezi, ndipo imatifika kudzera m'zowerenga ndi pa intaneti. Gwero la chisokonezo ndi dzina. Kumeneko dzina limodzi, daddy long legs, limatchulidwa pa zamoyo zitatu zosiyana. Choyamba ndi ntchentche yooneka ngati udzudzu waukulu, imene siluma konse. Chachiwiri ndi kangaude weniweni, woonda, amene amaluka ukonde wosalongosoka m'ngodya za nyumba ndi za makalasi athu. Chachitatu ndi kachilombo kotchedwa harvestman, dzina limene kanapatsidwa chifukwa ku Ulaya kamachuluka pa nyengo yokolola.

Kachilombo kachitatuka kali ndi miyendo 8 monga kangaude, komabe si kangaude. Akatswiri amakaika m'gulu lakelake la Opiliones, mmene muli mitundu yoposa 6,000. Kangaude ali ndi chiuno chopapatiza chogawa thupi lake pawiri, pamene thupi la harvestman limaoneka ngati kanjere kamodzi. Akangaude ambiri ali ndi maso 8, koma aka kali ndi awiri okha. Sikaluka ukonde, pakuti kalibe ziwalo zopangira ulusi. Koposa zonsezi, kalibe ululu ngakhale pang'ono. Kakaopsezedwa kamangotulutsa fungo loipa, kapena kudula mwendo wake womwe. Mwendowo umapitiriza kuphiriphitha kwa kanthawi, ndipo mdani akamatanganidwa nawo mwini wake amakhala atathawa.

Nanga kangaude wa m'ngodya uja? Iyeyu ululu ali nawo, ndipo kuluma angathe, koma ululu wakewo suopsa kwa munthu. M'chaka cha 2004 pulogalamu ya pa televizioni ya MythBusters ku America inayesa zimenezi: Adam Savage analumidwa, nangomva kuthethetsa pang'ono kumene kunatha msanga. Motero mphekesera ija yalakwa mbali zonse ziwiri.

Tsono mfundo yanga ndi iyi: musafulumire kumuuza mwanayo kuti "bodza limenelo." Mukatero mwangochotsa mau a munthu wina ndi kuikapo anu, ndipo mwana waphunzira kuti choona chimadalira amene ali ndi choko m'manja. Mawa akadzakumana ndi wina wolankhula molimba mtima kuposa inu, adzamkhulupirira iyeyo. Ndibwino kuti mwanayo aone yekha.

Konzani botolo loyera ndi kapepala kolimba. Kangaude woonda uja mumpeza m'kalasi momwemo. Harvestman mumfunefune m'malo achinyontho, pansi pa zipika ndi masamba oola. Zipikazo mugubuduze inu nokha ndi ndodo, chifukwa kumeneko kumabisalanso zinkhanira ndi njoka. Vundikirani kachilombo ndi botolo, lowetsani kapepala pansi pake, ndipo ana asagwire ndi manja chamoyo chimene sakuchidziwa. Pamenepo lembani pa bolodi mafunso atatu. Miyendo ilipo ingati? Thupi lagawika pangati? Pamene tinakapeza panali ukonde? Ana ajambule zimene aona, osati zimene zili m'buku. Muwaletse kuzula miyendo, pakuti mwendo wa harvestman ukaduka sumeranso. Phunziro likatha, kabwezeni kumene munakatenga.

Ena adzati nthawi njochepa, ana ngambiri, ndipo mayeso a Sitandade 8 sadikira munthu. Zimenezi nzoona. Koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mwana amene anawerenga yekha miyendo ndi kuona chiuno cha kangaude sadzaiwala kusiyana kwake ndi tizilombo ta miyendo 6, pamene woloweza pamtima amaiwala mayeso akangotha.

Chenjezo lotsiriza: musanyoze zikhulupiriro. Azungu akale ankati kupha kachilomboka kumadzetsa mvula, ndipo abusa ena ankakhulupirira kuti mwendo wake umaloza kumene ng'ombe zosochera zalowera. Ifenso tili nazo zathu za kadzidzi ndi bilimankhwe. Mwana amene wasekedwa chifukwa cha zimene anamva kwa agogo ake sadzafunsanso kanthu m'kalasi. Myamikireni chifukwa cha funso lake, ndipo mumuuze kuti, "Tiye tikaone."